Foni Imene Atcheya Ankatibwereka

Ndinakwatiwa chitengwa. Kwathu ndi ku Nathenje, kuseri kwa msewu waukulu, koma amuna anga ananditengera kwawo, mudzi wina wa kufupi ndi Mitundu. Mwana wathu asanayambe kukwawa, iwo ananyamuka ulendo wa ku Joni kukafuna ntchito, ine n'kutsala pakhomo pa makolo awo.

Apongozi anga aamuna anali mkulu wa chipani m'dera lathu, munthu wa mawu aakulu ndi njinga yopukutidwa bwino. Monga mwa mwambo, ine ndi iwo tinkaopana. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'mbali n'kugwada, nkhope nditayang'ana kutchire, mpaka adutse. Akafuna madzi osamba ankauza apongozi aakazi, apongozi aakaziwo n'kuuza ine. Moni wawo ndinkayankha ndi m'manja. Atsikana ena okwatiwa m'mudzimo mwambowu ankautsata mwa apo ndi apo, koma ine unandikomera, chifukwa ndine wamanyazi chibadwire. Choncho apongozi anga aamuna nkhope yanga ankaidziwa, koma mawu anga anali asanawamvepo bwinobwino.

M'mudzimo munali mayi wina wamasiye amene tonse tinkawatcha atcheya, chifukwa ndiwo ankatsogolera amayi ovina pamisonkhano ya chipani. Ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Mitundu. Anali afupi, a mwendo umodzi wokoka pang'ono, koma ng'oma ikalira mwendowo sunkaoneka kuti ndi uti. Akaseka, nkhuku zinkabalalika. Ndili ndi pakati poyamba, azakhali anga anali kutali, ndiye atcheya ndiwo anandilowetsa m'nyumba n'kundilangiza za uchembere. Kuyambira pamenepo ankanditcha "iwe wa ku Nathenje," ngati kuti Nathenje yonse ndine ndekha.

Achipani anawapatsa foni yaikulu ija yotsetsereka ndi chala, kuti azilandirirapo mauthenga a misonkhano. Ankaikulunga m'kapulasitiki ka shuga n'kuisunga pachifuwa. Enafe tinalibe foni, kapena tinali ndi tating'ono tamabatani, ndipo kuimba ku Joni pa timeneto kunali kudzipha. Pa foni ya atcheya munthu unkangodina, n'kuyankhula, mawu ako n'kupita okha. Kwa ine amene sukulu ndinalekera panjira, ndipo kulemba kumanditengera nthawi, chimenechi chinali chinthu chachikulu.

Lamulungu masana, tikachoka kutchalitchi, amayi amene amuna awo anali kunja tinkasonkhana pakhonde la atcheya. Wina ankabwera ndi dzira, wina kambale ka mtedza, wina kangachepe kogulira bandulo. Nthawi yako ikakwana ankakulowetsa m'nyumba, kukukhazika pamphasa kuseri kwa chitseko, kukupezera chithunzi cha amuna ako, n'kukuonetsa podina. Kenaka ankatuluka, kutseka chitseko, kutenga tsache n'kuyamba kusesa bwalo limene analisesa kale m'mawa, uku akuimba mokweza ngati ali pamsonkhano. Amene ali pakhonde ankawathamangitsira pansi pa mtengo.

"Foni iyi ndi tsimba," ankatero, kunena nyumba ija yolangizira anamwali. "Zolankhulidwa m'tsimba sizituluka. Ngakhale ine mwini wake sindimva."

Ndipo sankamveradi. Yankho likabwera pakati pa sabata ankadutsa pamjigo n'kukuwa: "Iwe wa ku Nathenje, Joni yalira! Bwera usanauze mwana kuti bambo ake ndi abusa." Amayi n'kuseka, ine n'kubisa nkhope m'chitenje. Koma uthengawo unkaupeza usanatsegulidwe.

Chaka chimenecho chinali cha chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Titakolola, fumbi litayamba, magalimoto a zimkuzamawu anayamba kudutsa m'misewu yathu. Tsiku lina wailesi ya apongozi anga inayamba kunena za nkhani yachilendo: akuti anthu ena a kunja kwa dziko lino alowa m'makompyuta a amene ankayendetsa kampeni ya mtsogoleri wa chipani chathu, aba maimelo, ndipo akuwamwaza kuti anthu amutaye. Apongozi ankamvetsera atakhala pansi pa mango, akupukusa mutu. Ife pamjigo tinaitenga ngati nthabwala.

"Atcheya, imeloyo n'chiyani?" anafunsa mayi wina.

"Ndi kalata ya anthu ophunzira, yosadya sitampa."

"Nanga wakubayo ali kutsidya kwa nyanja zamchere, amathyola chitseko chake chiti?"

"Aaa, inu, mfiti za azungu zimafuna lichero? Zimangokhala pampando, khofi ali m'manja."

Tinaseka, n'kusenza zidebe. Tinkaona ngati ndi nkhondo ya anthu a mataye, yosafika kwa ife.

Masiku omwewo kunabwera lole ya ufa. Anatiuza kuti ndi wa amayi oyamwitsa ndi okalamba. Tinavina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine mwana ali kumsana, fumbi lili m'mano. Matumba anawatsitsira kunyumba ya mmodzi wa akuluakulu kuti adzagawe bwino mawa lake. Mawa lakelo aliyense analandira kambale kamodzi. Sabata isanathe ndinaona matumba a mtundu womwewo pamsika wa Mitundu. Nthawi imeneyo mwana wanga ankatsegula m'mimba, mkaka wanga unali utachepa, ndipo ndinali nditatopa ndi kusunga zinthu mumtima.

Lamulungu lotsatira, atcheya atatseka chitseko n'kuyamba kusesa, ndinadina foni ija n'kuyamba kulira. Ndinayankhula monong'ona, mphuno zitatsekeka. Ndinauza amuna anga za mwana. Ndinawauza kuti ndawasowa. Kenaka ndinati, "Bambo a mwana, kuno zinthu sizili bwino. Ufa uja ankati ndi wa ana, akuluakulu agawana, wina uli pamsika. Ife amangotivinitsa. Ine ndimavinira nsalu chabe, mtima wanga suli kumeneko. Tsiku lovota ndikakalowa ndekha m'kachipinda, ndidzadziwa chochita."

Sindinatchule dzina la munthu. Mkazi wa kwathu satchula dzina la mwamuna wake, ndipo sanganene kwa mwamuna wake kuti bambo anu achita chakuti. Amangoti akuluakulu, mwamunayo amamva yekha.

Zimene zinachitika pakati pa sabata imeneyo atcheya anadzatifotokozera pambuyo pake. Ali pamsika, makasitomala atawazungulira, foni inalira. Unali uthenga wochokera ku nambala yakunja. Unati, "Amayi, ndine mwana wanu wa ku Joni, ndasintha nambala. Ndatumiza timanambala ku foni yanu molakwitsa. Chonde mundibwezere." Ndipo timanambalato tinalidi titangolowa. Kwa munthu wina nambala yakunja ikanamudabwitsa. Kwa atcheya nambala yakunja inali mwamuna wa wina wa ife. Amuna athu kumeneko amabedwa mafoni, amasintha manambala ngati malaya, ndipo onse ankawatcha amayi. Anapukuta manja pachitenje, n'kutumiza, n'kupitiriza kuunjika tomato. Sanadziwe kuti timanambalato tinali kiyi wolowera m'mauthenga a pa foni yawo. Foni sinasinthe kanthu. Inapitiriza kulira monga mwa masiku onse, pamene munthu wosadziwika anali atalowamo kale ndi nsapato.

Ine ndinazimva ndili kuchigayo. Bambo wina wa kabaza anaima pamthunzi akumvetsera foni yake, anzake atamuzungulira. Poyamba panamveka mwamuna wa mawu osalala akuti, "Tamverani amayi ovina a ku Mitundu akuulula okha." Kenaka panamveka mkazi akulira monong'ona: "Ufa uja ankati ndi wa ana, akuluakulu agawana."

Ndinakhala pa thumba langa la chimanga n'kutulutsa bere kumupatsa mwana amene sanali kulira n'komwe, kuti ndipeze chowerama nacho. Za matenda a mwana anali atadula. Za kusowa amuna anga anali atadula. Anasiya za ufa, za nsalu ndi za kachipinda kovotera, n'kuikapo chithunzi cha mayi wina amene sindinamuonepo. Tsiku lomwelo mawu anga anali m'maminibasi a ku tauni, pogulitsira tchipisi, pometera tsitsi. Anatuluka pamodzi ndi mauthenga ena a m'gulu la pa foni la akuluakulu a chipani, mmene ankatukwanizana okhaokha, koma anthu anakonda kwambiri a mkazi wolira uja.

Ndinkadziwa chimene chikanachitika apongozi anga akanadziwa. Mpongozi wotcha apongozi ake akuba, dziko lonse likumva, sagona pakhomopo. Akanandilongedzetsa n'kundiperekeza ku Nathenje, ndipo amuna anga anali kutali, osatha kundiyankhulira. Kwathu mayi anga anali atakwatiwanso, munda wathu unali utagawidwa. Banja langa linali pa mawu aja basi.

Patapita masiku angapo kunabwera galimoto ya achipani ochokera ku tauni. Anaitanitsa amayi onse ovina ndi akuluakulu a m'mudzi pabwalo la apongozi anga. Ife tinakhala pansi, amuna pamipando. Mkulu wa alendowo anali bambo wa magalasi akuda ndi mafoni awiri. Anaika kasipika patebulo n'kuseweretsa mawu aja. Ndinamva kulira kwanga kukutuluka m'kabokosi pamaso pa mudzi wonse. Ndinayang'ana nyerere imene inkakoka njere pafupi ndi phazi langa, n'kuitsatira ndi maso.

"Anyamata athu afufuza," anatero bamboyo. "Mawu awa atuluka m'foni imene tinakupatsani inu, amayi. Mukukana?"

Atcheya anagwada, anawomba m'manja mwaulemu. "Sindikukana, bwana. Timanambala tija ndinatumiza ndine, ndi chala ichi. Ndinkayesa ndi mwana wa m'mudzi muno. Mlandu umenewo ndi wanga, musaufunire wina."

"Chabwino. Ndiye akulankhulayu ndani?"

"Sindikudziwa."

"Foni yanu, nyumba yanu, osadziwa?"

"Ine akamalankhula ndimakhala ndikusesa."

Amayi ena anatsokomola kubisa kuseka. Bamboyo anatambasula dzanja kuti aione foniyo, poti m'menemo mukanaoneka kuti uthengawo unapita kwa mwamuna wa yani. Anaitsegula, anatsetsereza chala, anatsetserezanso. Munalibe kanthu. Tsiku lomwe mawu aja anamveka, atcheya anali atasiya tomato wawo kwa mnzawo, n'kupita kwa wokonza mafoni pamsika kuti atseke pamene wakubayo analowera ndi kufufuta zonse, ndi zithunzi za zidzukulu zawo zomwe.

"Mwafufutiranji?"

"Munthu akakubera m'nyumba, umakolopa, bwana."

Apa apongozi anga aamuna anadzuka. Nkhope yawo inali itada, poti nkhani ya ufa inali pa iwo ngakhale panalibe woitchula. Anati njira ndi yapafupi. Amayi amene amuna awo ali kunja si ambiri. Aime mmodzimmodzi, aliyense anene mawu omwewo mokweza, makutu aweruze okha.

Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandiyang'ana cham'mbali, n'kuyang'ananso kutsogolo.

Atcheya sanadzuke pamene anagwada. Anatembenukira kwa apongozi anga, mawu awo atatsika.

"Bambo, ndifunse nawo. Mwa ana mukunenawa muli mpongozi wanu. Muli mpongozi wa awo, ndi wa awo ali ndi ndodowo. Ana amenewa tinawalangiza ife kuti akakuonani apatuke, agwade, asakweze mawu pamaso panu. Inu nomwe mumatiyamikira kuti tinalangiza bwino. Lero mukuti aime njo, akuyang'aneni m'maso, anene kuti akuluakulu agawana ufa? Chabwino, aime. Koma pakamwa mukapatsegula lero, mawa akamadzakuyankhani pakhonde musadzatiitane."

Agogo a ndodo aja anayamba kung'ung'udza kuti zimenezo sizinachitikepo m'mudzi muno, ndipo iwo sangakhale pampando mpongozi wawo ataimirira.

"Za miyambo tazisiyani kaye," anatero wa magalasi uja. "Apa tikukamba za chisankho."

"Kodi achimwene, kwanu kulibe apongozi?" anafunsa agogowo. "Kapena munakwatira foni?"

Anthu anaphulika kuseka, ndi amuna omwe. Apongozi anga anakhala pansi pang'onopang'ono. Sakanathanso kukakamira zoimitsa amayi, mlendo atanyoza mwambo pamaso pa anzawo.

Bambo wa ku tauni uja anapsa mtima. Anati sanabwere kudzaseka. Amene analankhulayo ndi kazitape wa otsutsa, ndipo atcheya asankhe: atchule dzina, foni abwezeredwe ndi udindo wawo ukhale, kapena asiye zonse pomwepo.

Apa ndiyenera kunena kuti atcheya chipani chimenecho ankachikonda zenizeni, osati ngati ine. Anachivinira kuyambira ali mtsikana. Amuna awo atamwalira, kuvina ndiko kunawadzutsa pamphasa. Ndinaona chala chawo chikukanda pansi. Kenaka anatulutsa kapulasitiki ka shuga pachifuwa, kopanda kanthu, anakapinda bwinobwino, n'kukapereka ndi manja awiri.

"Muzikulungiramo, imaopa fumbi. Nsalu ya chipaniyi ndikakutumizirani ndikafika kunyumba. Ndikavula pano muthawa kusiya galimoto."

Kenaka, akudzuka ndi mwendo wawo wokoka uja, anawonjezera mosakweza mawu: "Za mwini mawu mwafunsa, bwana. Za ufa mudzafunsa liti?"

Apongozi anga ankayang'ana tcheni cha njinga yawo.

Masiku otsatira sanali okoma. Lamulungu linafika, pakhonde la atcheya panalibe mzere. Amayi ena anayamba kudandaula pamjigo kuti chifukwa cha munthu mmodzi tonse tasanduka amasiye, amuna athu ali moyo. "Mwini wake akanangovomera," ankatero, maso akuponya uku ndi uku. Atcheya akamva ankawadula: "Amene akufuna kulozana zala akalozere kwawo. Pano tabwerera madzi." Pamsika ena anayamba kuwatcha ogulitsa chipani, n'kumakagula tomato pa benchi ina. Lole yotenga ovina inkadutsa pakhomo pawo osaima. Tsiku lina la msonkhano ndinawapeza atakhala pakhonde akusankha nyemba, ng'oma zikumveka chapatali kusukulu. Manja ankasankha nyemba, koma mapazi awo pansi ankaponda motsatira ng'omazo. Atandiona anawabisa m'chitenje.

Kunyumba, madzulo ena tikusenda mtedza, apongozi aakazi anati, osandiyang'ana, "Chimfine chija chinakusasitsa mawu, mwana wanga. Masiku ano usamalankhulelankhule pagulu, mpaka chithe." Ine ndinalibe chimfine. Ndinangoti, "Chabwino, amayi."

Tsiku lovota linafika. Atcheya anapita m'mamawa atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo ndikukhulupirira kuti anavotera yemwe uja anamuvinira zaka zonse. Ine ndinalowa m'kachipinda ndekha, mwana ali kumsana. Za amene anaba mauthenga aja sitinamve mapeto ake. Wailesi inanena za dziko ili, kenaka dziko lina, kenaka inayamba kunena za feteleza.

Mvula yoyamba itagwa, bambo wina wa mudzi woyandikana nawo anabwera kuchokera ku Joni ndi katundu wanga: bulangete, tinsapato ta mwana, ndi foni yogwiritsidwapo kale ntchito, yosweka pakona. Sindinkadziwa poyambira, ndiye ndinapita nayo kwa atcheya. Anaitembenuza, anaiyatsa, anapeza uthenga umene unkandidikira. Anandikhazika pamphasa kuseri kwa chitseko n'kutuluka.

Amuna anga anati, "Amake mwana, mawu aja ndinawamva kawiri. Koyamba anali anga ndekha. Kachiwiri ndinawamva m'foni ya mnzanga kuntchito, anthu akuseka. Sindinauze munthu. Ukhale pakhomopo, ndi pako. Amayi aja ukawathokoze."

Nditatuluka ndinawapeza akusesa. Ndinagwada pafupi nawo. Ndinali nditakonza mawu njira yonse.

"Amayi, mawu aja a tsiku lija..."

"Iwe wa ku Nathenje, tasuntha, wagwada pa zinyalala zanga."

"Amayi, ndimafuna mudziwe kuti..."

"Ndidziwe chiyani? Ine ndinkasesa." Anandiyang'ana, tsache lili m'manja, ndipo m'maso mwawo ndinaona kuti anadziwa kuyambira tsiku loyamba. Munthu amene anakulangiza uli ndi pakati kulira kwako sangakusokoneze ndi kwa wina. "Dzuka. Mwanayo watsegula mutu, dzuwa limuwotcha."

Foniyo ndinawapempha kuti izigona kwa iwo. Anakana kawiri, kenaka anapita kukafuna kapulasitiki kena ka shuga. Lamulungu lotsatira mzere unabwerera pakhonde, ndi aja ankadandaula pamjigo omwe. Tsopano pali malamulo awiri atsopano. Ukatha kulankhula, uthenga ukafika, umafufuta wekha iwo asanalowe. Ndipo wopempha timanambala, ngakhale atanena kuti ndi mwana wawo wobereka okha, amamuuza kuti akwere basi adzatenge.

Udindo sanawabwezere. Amene anawalowa m'malo ndi mayi wabwino, koma nyimbo amaziyamba motsika, ndipo anthu pomuitana amatchula dzina lake. Akati atcheya, aliyense m'mudzi muno amayang'ana kunyumba ya mayi wa tomato. Ine ndikadali pakhomo pa apongozi anga. Tikakumana panjira ndimapatukabe n'kugwada, iwo n'kudutsa ndi njinga yawo, ndipo moni wawo ndimayankha ndi m'manja.